Chitsulo cha m'ntchafu mwa abambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene abambo anagwa pachigafa. Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Chulu, kwathu kwenikweni kuli ku Dedza. Tsikulo ankapachika mikangala ya fodya pamwamba, mtengo wofumbwa n'kuthyoka, fupa la ntchafu nalo n'kuthyoka. Anawatengera kuchipatala ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi ndodo, chipsera chachitali, ndi chitsulo m'kati mwa mwendo.

Amayi atamva za chitsulocho anangokhala pansi. Ife chitsulo tinkachidziwa bwino. Khasu ukaliiwala pamvula, m'mawa lafiira. Malata a nyumba yosungiramo feteleza anali mabowo okhaokha. Ndiye chitsulo m'thupi la munthu?

Kuyambira pamenepo madzi anakhala oletsedwa pamwendowo. Amayi ankangowapukuta ndi kansanza kofinya, ndipo abambo mame sankaponda. M'chilimwe zinkatheka. Koma mitambo itayamba kusonkhana, abambo atataya kale ndodo, kapitawo anabwera kudzaona nazale yathu.

"A Banda, mvula ikagwa ndikuoneni mukuwokera. Apo ayi, munda ndipatsa ena. Ofuna malo alipo."

Kwa tenanti, munda ukapita, nyumba ndi chakudya zapitanso.

Tsiku lokaonetsa mwendo kuchipatala cha paboma, amayi anapita nawo, ine ndanyamula kathumba. Amayi anamufunsa namwino za dzimbiri mosazungulira.

"Mayi, chitsulo chimenecho sichichita dzimbiri," anatero namwino. "Nanga magazi si madzi? Amcherenso. Chikanati chiwole, bwenzi chitayamba kale."

"Mukutero poti mwendowo si wanu," anayankha amayi.

Namwinoyo sanakwiye. Anatsegula kabati n'kutulutsa kasizasi kothyoka. "Mtundu wake ndi womwewu. Katengeni, mukakazunze mmene mungafunire."

Titafika kunyumba amayi anathira feteleza, mchere ndi madzi m'kamphika kadothi. Anaponyamo kasizasi kaja pamodzi ndi msomali watsopano, n'kundiitana.

"Esinati, kamphika aka ndi kako. Asakhudze munthu, ngakhale abambo ako. Akhoza kumakapukuta mobisa kuti andipusitse."

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinkabisa kamphikako kuseri kwa nkhokwe, ndipo aliyense wodutsa ndinkamuyang'ana m'manja. Madzi anayamba kufiira, fungo lake lolasa m'mphuno. Kaya chofiiritsa chinali chiti, pansi sipankaoneka.

Masana ena ndikuchokera kumjigo ndinapeza abambo atawerama pakamphika paja, akutokosa ndi kaudzu. Miyezi yonseyi ankaseka mantha a amayi, amvekere, "Naphiri, mukufuna mundiyanike padzuwa ngati fodya?" Koma nkhope imene ndinaiona tsiku limenelo sinali yoseka.

"Sindinakhudze," anatero motsitsa mawu. "Nanenso ndimafuna kudziwa, mwanawe. Usawauze amako."

Sindinanene, koma kamphika ndinakasuntha.

Mvula yowokera inagwa m'mawa wina, dothi n'kununkhira. Anzathu anali atayamba kale kuzula mbande kunazale. Amayi anakhuthula kamphika pabwalo tonse tikuona. Msomali unali utatupa, ukuyoyoka ngati khungwa louma. Kasizasi anakatsuka m'madzi otsika padenga, kali phuliphuli monga tsiku lomwe tinakalandira. Anakatembenuza, kukakanda ndi chikhadabo, mpaka kukanunkhiza.

"Chabwino, pitani," anatero. "Koma taimani kaye."

Anadula pulasitiki ya m'thumba la feteleza, n'kukulunga ntchafu ya abambo pamwamba pa buluku, n'kumanga ndi luzi. Kumunda anthu anafa nako kuseka.

"A Banda, mwendowo ndi belo la fodya lopita ku okushoni?"

"Giredi yoyamba imeneyi, achimwene," anayankha abambo. "Siyofunika kunyowa."

Tinawokera munda wonse, ndipo kapitawo sanabwerenso ndi nkhani ija.

Lero ndili ndi mdzukulu wowotcherera zitsulo pa Mtunthama. Amandiuza kuti chitsulo chotere amachisakaniza ndi zitsulo zina zoletsa dzimbiri, ndipo kaboni, amene akuti ndi wamtundu wa makala, amaikamo wochepa zedi kuti ngakhale powotcherera pasamadyeke. Akuti ndi chomwe amapangira matanki a mkaka, ndodo za m'mijigo ya madzi amchere, ndi mbale za kuchipatala. Ndimamvetsera, koma kuvomera ndimachedwa. Ndinatengera amayi: wogulitsa mbewu, wolonjeza pamsonkhano, ngakhale mdzukulu wangayo, ndimayamba ndaona kaye.

Chimene ndinachedwa kumvetsa ndi pulasitiki ija. Abambo anaona ndi maso awo kuti inalibe ntchito. Inkawatentha, inkawatupitsa zidzolo, anthu ankawaseka. Komabe dzinja lonselo m'mawa uliwonse ankaima pakhomo, mwendo atautambasula, kudikira kuti amayi amange. Kukhala ndi munthu wokayikira ngati ine n'kotopetsa, ndikudziwa. Abambo sanayese kuwachotsa amayi mantha onse. Anawasiyira pang'ono poti azimangapo luzi, iwo n'kumapita kumunda.