Chithunzi cha amayi chinalekera m'mapewa

Lero ndikupukuta kompyuta ya ku ofesi, fungo la fumbi lotentha landikumbutsa nyumba yathu ya ku Chibanja.

Ndinali ku pulayimale. Amayi anali atapita ku Joni kukagwira ntchito, ndipo anali atasiya kuimba foni pafupipafupi. Loweruka lina azakhali anauza abambo kuti aona chithunzi cha amayi pa intaneti. Abambo anavundukula chitenje chimene tinkafunditsa kompyuta, n'kulowetsa kamodemu kolumikizira intaneti.

Tsambalo linakana kutseguka. Anazimitsa, kuyatsanso, kuuzira m'mabowo, koma pagalasi pankangozungulira kabwalo. Mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene ankasunga ana a ku yunivesite, anasuzumira pakhomo.

"Netiweki ya kuno njovuta chomene, adada. Ana angawa amakatulutsa pawindo."

Abambo analumikiza kamodemuko ku waya wautali, n'kundikweza pampando. Ndinatulutsa mkono kunja, kamodemu kali m'dzanja, kukuwaza mvula yozizira.

"Usagwedezeke," anatero.

Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Linabwera tsitsi lachilendo, kenako chipumi, kenako maso.

"Amayi!" ndinakuwa.

Anali atanenepa, akuseka. Chitafika m'mapewa, panaoneka dzanja la mwamuna lovala wotchi, litawagwira molimba. Abambo anaimirira n'kutchinga galasi ndi msana wawo.

"Tsitsa mkono, mwanangu. Netiweki yathawa."

Sindinatsitse. Kanyale ka kamodemu kankawalabe m'dzanja langa, madzi akutsetsereka mpaka m'khwapa, ine ndikudikira kuti amayi atsike onse.