Mabotolo a Achemwali

Mayi amene amasesa njira yopita ku mathithi tonse timangowatchula kuti Achemwali, ngakhale ali ndi zidzukulu zinayi. Akhala akusesa njirayo zaka khumi ndi ziwiri. Botolo lililonse lomwe atola amalitsuka n'kuliponya m'thumba kuseri kwa benchi yanga ya zipewa, olimba paokha, ofewa paokha.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wa ku yunivesite kudzafufuza mmene kubwera kwa alendo kukuwonongera malowa. Anatiuza mosabisa kuti oyang'anira malo akuti zinyalala zimachokera kwa ife ogulitsa, ndipo lipoti lake likavomereza zimenezo, mabenchi athu achotsedwa.

Achemwali anaseka mpaka tsache kugwa. "Mwana wanga, tabwera kuno ndi kope lakolo."

Anakhuthula matumba onse pansi. Ine ndinkawerenga, mtsikanayo akulemba. Mabotolo anakwana 640. Mwa amenewo, 590 anali ndi chizindikiro cha hotela ina yomwe imagawira alendo ake madzi m'basi. Ogulidwa pa mabenchi athu anali 50 okha.

"Nanga amayi, mumawasiyanitsiranji?" anafunsa mtsikanayo.

"A hotelawa ndi olimba, ogulitsa mafuta ophikira amachita kuwalimbirana. Iwe umayesa nanenso ndili pa kafukufuku?"

Lipoti litatuluka, mabenchi athu sanakhudzidwe, ndipo hotelayo inayamba kupatsa alendo mabotolo osataya, oti azingothiramo madzi ena akatha. Pano Achemwali akuti ine ndi masamu angawa ndawaphera msika, ndiye ndiwalipe chipewa. Ndawapatsa chachikasu.