Ndinamata boti la Adada lisanaume

Inu owerenga, ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Mkwiyo wanditayitsa zambiri, koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ulendo umodzi umene ndinawamana bambo anga.

Kwathu ndi ku Mlowe. Bambo, amene tonse tinkawatchula Adada, ankagwira ntchito pachipatala cha mishoni. Ankayenda pa boti loyera la faiba, la injini, kukabaya ana katemera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene galimoto silifika. Ndili mwana ankanditenga patchuthi. Ndinkakhala kuseri kwa galasi lakutsogolo, madzi akuwaza uku ndi uku, ine osanyowa, ndikukukuta chinangwa chowotcha chimene amayi anatimangira m'kansalu. Fungo la petulo losakanikirana ndi la mankhwala ndimalimvabe m'mphuno. Atapuma ntchito, zipani zambiri zitangoyamba kumene, amishoni anawasiyira botilo injini itafa. Linagona pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri, mvula ikudikhamo, nkhuku zikuikiramo mazira.

Amayi anamwalira atapita kukacheza kwawo, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kuseri kwa mapiri, ndipo anaikidwa konko. Ife ana tinadzamanga chiliza, koma Adada sanachione. Miyendo inali itatha, mapiri sakanakwera, ndipo m'maboti a matola odzaza matumba a usipa sakanapirira. Tsiku lina anangoti, "Ndikanangoona pamene agona mayi ako." Ndinalumbira pomwepo kuti ndiwatengerako pa boti lawo lomwelo mphepo ya mwera isanayambe.

Injini ndinabwereka kwa mlamu wanga wa ku Chitimba. Rezini yomatira faiba, penti ndi sandipepala ndinakagula ku Mzuzu. Titalitembenuza botilo tinapeza kuti khungu lake lakunja losalala, limene amati jelikoti, linali ming'alu yokhayokha ngati chidendene cha mlimi m'chilimwe. Galasi nalo, lomwe ndi la pulasitiki, linali ndi mng'alu wochokera pabawuti ya pakona.

Adada anaika mpando wawo pamthunzi kuti azionerera. Nkhope yawo inawala ngati kale, mpaka kumang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Botilo ankalisamala okha pa zaka zonse za ntchito yawo, choncho anayamba kundilangiza. Anati mng'alu uliwonse ndiyambe ndaukumba kuti ukule, kenako boti likhale padzuwa mpaka chinyezi chonse chituluke, ndiye ndimate. Za galasi anati ndiboole kabowo kakang'ono pamene mng'alu wathera kuti usapitirire, ndipo mabawuti ndisamange kwambiri. "Bala sitisoka lili ndi mafinya, mwana wanga," anatero.

Ine ndinkangoona mwezi wa Epulo ukutha. Ndikulitse ming'alu imene ndikufuna kutseka? Ndiboole galasi long'ambika kale? Magazi anawira. Pamaso pa asodzi amene ankasoka maukonde pafupi, ndinakalipa kuti, "Adada, mukufuna kupita kapena mukufuna kuphunzitsa? Kuno si kuchipatala!"

Anangoti, "Yewo." Anaitana mkazi wanga kuti awagwire dzanja, nalowa m'nyumba. Sanatulukenso kudzaonerera. Mpando unatsala pomwepo.

Ndinachita zanga. Ndinamata rezini pamwamba pa ming'alu, ndinapala, ndinapaka penti. Galasi ndinalimata guluu n'kulimanga mabawuti zolimba. Boti linanyezimira chomene, anthu n'kumandiyamikira, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Tsiku laulendo Adada anavala jekete lawo la kutchalitchi. Tinawanyamula n'kuwakhazika kuseri kwa galasi, pamalo panga pakale. Poyamba zinayenda bwino, mpaka anayamba kutchula mayina a midzi imene tinkadutsa ndi a ana amene anawabaya kumeneko. Titafika pamene nyanja ili ndi timafunde, boti linayamba kudzimenya pamadzi. Ndinaona ndi maso anga mng'alu uja ukuyenda pagalasi ngati njoka, kenako theka lonse linathyoka, madzi n'kuwamenya Adada pachifuwa. Posakhalitsa ndinamva kuzizira kumapazi. Ming'alu ya pansi, imene inali yakuya kuposa mmene ndinkaganizira, inali itatsekuka chifukwa rezini sinagwire pafaiba yonyowa. Mlamu wanga uja, amene tinali naye m'botimo, anakapa madzi mpaka anati tibwerere, apo ayi tiika maliro ena.

Phiri la kwawo kwa amayi linkaoneka. Potembenuka, Adada sanandidzudzule. Anangocheukira phirilo, akunjenjemera m'jekete lonyowa, nati, "Ndi lomwe lija." Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Mwera unayamba sabata yomweyo. Adada anatisiya m'miyezi yozizira ya chaka chomwecho, chiliza osachiona.

Chaka chotsatira ndinapala zonse zimene ndinamata. Ndinakumba mng'alu uliwonse, boti ndinalisiya padzuwa la Okutobala mpaka linauma gwa, ndipo ndinamata mmene ananenera. Silinadonthenso. Galasi latsopano litayamba kamng'alu pakona, ndinaboola kabowo kaja. Pamene kanaima tsiku limenelo ndi pamene kali mpaka lero. Chimene chimandipweteka n'chakuti nthawi inalipo. Ndikanawamvera, tikanadikira kuti mwera uthe, koma ndikanakhala nawo pansi pa mango paja masabata onsewo, akung'ung'udza nyimbo zawo. Mwina ulendo ukanalephereka ndithu, koma masiku amenewo akanakhala athu.

Inu owerenga, ngati muli ndi boti lakale, musalimate lisanaume, ndipo mng'alu musaubise ndi penti. Koma chachikulu, kholo lanu likatulutsa mpando kuti likuonerereni mukugwira ntchito, lisiyeni lilankhule, ngakhale mukuchedwa. Ine mpando uja ndimautulutsabe ndikamakonza boti, koma palibe wondiuza kuti ndalakwitsa.