Ng'ombe Zanga mu Limbe

Chaka chino ndakwanitsa zaka 78. Sindilotalota, koma usiku wathawu ndalota.

Ndili mu Limbe, ndikuyendetsa ngolo pakati pa maminibasi. Zikuikoka ndi ng'ombe zanga zakale, Bulaki ndi Mawanga. Kumbuyo kwakhala malemu mkazi wanga, aNabanda, atafunda chitenje chachikasu.

"APhiri," akutero, "mukaimika polakwika nditsika, ndipo sindidzakweranso."

Paliponse padzaza. Magalimoto ena aima pamwamba pa anzawo. Mayi wa yunifolomu akutilondola atasenza chitsulo chomangira matayala, chachikulu ngati goli.

Kenako ndikuona kampata pakati pa mizere iwiri yoyera, kopapatiza ngati mphasa. Chikwapu chasanduka nzimbe m'manja mwanga. Ng'ombe zikubwerera chambuyo zokha, pang'onopang'ono, mitu ili m'mwamba. Palibe chiboda chimene chaponda mzere. Mahutala onse ati zii.

Mayi uja akutula chitsulo pansi. "Agogo, ng'ombezi zinaphunzira kuti?"

"Kwanga," ndikumuyankha.

ANabanda akuseka, ndipo sakutsika.

Ndadzuka mtima uli myaa. Kenako ndawerenga zimene ndilibe: ng'ombe ziwiri, ngolo imodzi, mkazi mmodzi.