Chaka Chimene Agologolo Anasiya Kumulalatira Orval

Orval Hegstad anayamba kusaka eliki m'mapiri a kumtunda kwa tauni ya Salmon, ku Idaho, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pa zaka zonse zimene wanyamula mfuti, mdani wake wamkulu sanali chimbalangondo kapena chipale chofewa chotseka misewu. Anali gologolo, kanyama koti kulemera kwake sikuposa sopo wochapira, koma pakamwa pokha, Mulungu anakapatsa mosaumira.

Eliki ndi nyama yaikulu ngati hatchi, koma mtima wake ndi wa gwape. Munthu umadzuka m'mamawa, kukwera phiri maola atatu, kukwawa chamimba mpaka nyanga kuyamba kuoneka pakati pa mitengo. Ndiye panthambi ya paini, pamwamba penipeni pa mutu wako, kagologolo kamayamba: tche-tche-tche-tcherrr! Eliki makutu tcheru, kenako phiri lonse mapazi okhaokha, iwe n'kutsala ndi mfuti yako ndi maondo onyowa. Orval anawatukwana agologolo m'Chingerezi, anawatukwananso m'Chinorowe cha agogo ake, chimene mawu ake ankangodziwa otukwanawo.

Komabe anali munthu woona. Ankavomereza yekha kuti nyama zambiri zimene anadzazira filiji anazipeza chifukwa cha agologolo omwewo. Bambo ake anamuphunzitsa kukhala phee pa chitsa n'kumvetsera. Eliki ikamadutsa, gologolo amaikalipira pang'ono n'kusiya, mnzake wa mtengo wakutsogolo n'kulandira, winanso n'kulandira, moti ukhoza kutsatira njira ya nyamayo ndi khutu lokha usanaione. Koma akaona munthu sasiya msanga. Amalalata mpaka mchira kunjenjemera, ngati wamubera mkazi. Orval ankadziwa kusiyanitsa mawu awiriwa monga mmene mayi amadziwira kulira kwa njala ndi kulira kwa matenda.

Kunja kwa mwezi wosaka wa Okutobala, moyo wake unali wamba. Anagwira ntchito yocheka matabwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ataima pafupi ndi sowo yaikulu imene kulira kwake kunkamveka tsidya la mtsinje. Zotseka m'makutu zinabwera iye atakula kale pantchito, ndipo ankaziika m'thumba, amvekere zimenezo ndi za anyamata a kutauni. Anakwatira Marlys, wophika kusukulu ya pulayimale, ndipo anabereka mwana mmodzi, Twila, amene tsopano ndi mayi wa zaka makumi anayi woyendetsa basi ya ana asukulu. Chaka chilichonse nyama ya eliki imodzi inkawakwanira mpaka dzinja lotsatira, ina n'kugawira achibale. Orval sankadziwa kuyankhula pagulu, kuvina ayi, kuimba kutchalitchi ayi. Chimene ankadziwa ndi nkhalango, ndipo ankapitako yekha.

Ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri anayamba kubwera kunyumba ndi nkhani yachilendo. Ankati agologolo achepa. Chaka china anati tizilombo todya mitengo tawamaliza. Chaka chotsatira anasintha, n'kuyamba kudzitama.

"Andizolowera," anauza Marlys akuvula nsapato pakhomo. "Ndimadutsa pansi pawo penipeni, iwo zii. Zaka zonsezi, tsopano ndiye adziwa mwini phiri."

"Akuzolowerani? Ketulo yakuzolowerani nayonso? Dzulo yalira mpaka madzi kuphwa, inu muli pompo mukuwerenga nyuzi."

"Wati chiyani?"

"Ndati zikomo, mwini phiri."

Marlys sanali munthu wobwereza mawu katatu. Chaka chathachi, kutatsala mlungu umodzi kuti nyengo yosaka iyambe, anaima pakati pa mwamuna wake ndi wailesi yakanema imene inkasokosera mpaka kwa aneba, n'kunena mokweza kuti asanamizire kusamva.

"Inu a Orval, mverani. Kapena mupita ndi Twila, kapena mfuti ija ikhala m'kabati. Ine sindikufuna kudzakufunani ndi agalu."

Orval anapsa mtima masiku awiri. Kwa iye nkhaniyi sinali ya nyama ayi, nyama akanatha kugula. Inali yoti kodi akadali mlenje, kapena wasanduka nkhalamba yoperekezedwa. Tsiku lachitatu anavomera, koma mumtima anali atapangana yekha kuti akamuonetsa mwanayo kuti bambo ake sanathe, nkhani ya kuperekezana n'kuthera pomwepo.

Anakwera phiri dzuwa litangotuluka. Twila kusaka ankakudziwa, anaphunzira kwa bambo ake omwewo, koma tsikulo mfuti yake anaisiya m'galimoto. Anati wangobwera kudzayenda. Orval ankatsogola, ndipo kunena chilungamo, miyendo inali idakali yake. Anapeza ndowe zatsopano, anapeza kamtengo kosupulidwa ndi nyanga, anazilozera mwakachetechete ngati mphunzitsi. Nkhalango inali bata lokhalokha, ndipo bata limenelo linkamukoma.

Chapakati pa m'mawa anafika pamtsetse wa mitengo yothithikana. Orval anaima. Anamva chinthu, osati ndi khutu lokha komanso ndi chifuwa: di, kenako kachetechete, kenako di. Mawu akuluakulu otere ankawamvabe bwinobwino. Kumunsi, pakati pa nthambi, panaoneka kachigamba kofiirira motuwa, mtundu weniweni wa nthiti za eliki, kakuwerama ndi kudzuka ngati nyama imene ikudya.

Orval anali ndi lamulo limene analiphunzitsa Twila asanamulole n'komwe kugwira chipolopolo: galasi la pamfuti si loonera zinthu. Ukafuna kudziwa kuti icho n'chiyani, tenga zoonera patali zimene zili pakhosi pako. Mfuti umaikweza ukaona mutu, miyendo ndi zonse. Koma tsikulo anali ndi changu cha munthu wofuna kutsimikizira mwana wake. Anamvetsera kaye, monga ankachitira zaka zonse. Kukanakhala munthu, agologolo akanang'amba phiri. Kunali zii. Anakweza mfuti, tsaya pa thabwa lake, diso pagalasi, chala chikuyandikira pokhethemulira.

Sanamve Twila akunong'ona. Sanamumve akuyankhula ndi mawu wamba. Chimene anamva ndi dzanja likugwira mpope wa mfuti n'kuukankhira kumwamba mwamphamvu, mpaka thabwa linamumenya nsagwada.

"Adadi! Ndi munthu uyo!"

"Iwe, wapenga? Ukudziwa bwanji?"

"Simukumva? Agologolo atatu akumulalatira, ndipo iye akuimba mluzu!"

Orval anaima kukamwa kuli yasa. Anayang'ana m'mwamba. Panthambi yapafupi, yoti akanatha kuikhudza ndi mpope, panali gologolo wina atayang'anizana naye. Kukamwa kunkatseguka ndi kutseka, khosi likugunda, mchira ukugwedezeka ndi ukali wonse. Orval ankamuona bwinobwino. Mawu okha ndi amene panalibe.

"Ameneyu wayamba liti?" anafunsa.

Twila anazengereza, koma bodza sanalidziwe. "Chichokereni pagalimoto, adadi. Akhala akupatsirana ife njira yonse."

Kachigamba kaja kanadzuka n'kukhala jekete ya kanivasi. Mwini wake anali bambo wamfupi wa ndevu zaimvi, akukoka thumba lalikulu. Anali mmodzi wa anthu amene nyengo ino amafukula nkhokwe za agologolo, kutenga zibalobalo za paini zimene tinyamato timaunjika, n'kukazipereka kwa odzala mitengo kuti apeze mbewu. Di uja linali thumba likugwa pansi. Atawaona anakweza dzanja mwansangala.

"Pepani abale, ndakuthamangitsirani nyama! Si ine, ndi eni katunduwa, akundiimba mlandu kuyambira m'mawa."

Twila anamuyankha moseka, ndipo anamulangiza kuti mawa avale chipewa chowala. Bamboyo anati mkazi wake amanenanso zomwezo, n'kupitiriza ntchito yake. Sanadziwe chilichonse, ndipo mpaka lero sadziwa. Mwina madzulo a tsikulo anadya bwino, n'kudandaula za msana.

Orval anakhala pa chipika. Mfuti anaigoneka pamiyendo, mpope ataulozetsa kuphiri. Anachita manyazi aakulu, oposa onse amene anawamvapo m'moyo wake. Kukanakhala kusamva kokha, akanapirira, pakuti makutu amatha ngati mano. Chinamupweteka n'choti zaka zisanu zathunthu anatenga kugontha kwake n'kukusandutsa ulemu, kumauza anthu kuti nkhalango yamugonjera. Ndipo lero anakhulupirira bata labodzalo mpaka kuika kamtanda kochalira ka m'galasi la mfuti pamsana pa munthu.

"Sindikanawombera," anatero Orval. "Ndikanaona kaye mutu."

Kenako anabwereza, akuyang'ana mfutiyo.

"Ndikuganiza kuti sindikanawombera."

"Inenso ndikuganiza choncho, adadi," anatero Twila, atakhala kumbali imene bambo ake ankamvako pang'ono. "Koma sindinafune kudikira kuti tione."

Orval ankayang'ana gologolo uja, amene tsopano anatopa, anatenga chibalobalo n'kuyamba kuchisenda mofulumira, makoko akugwera pa nsapato za mdalayo. Zaka makumi asanu ndi limodzi anapempha kuti tinyama timeneti titseke pakamwa. Sanaganizepo kuti phokoso lawo ndi limene linkamuuza kumene kuli nyama, kumene kuli munthu, ngakhale kumene iye mwini waima. Tsopano akanapereka nyanga zonse zopachika m'galaja mwake kuti atukwanidwe kamodzi kokha.

"Kuli tizipangizo tija tothandiza kumva," anatero Twila mosamala. "Amayi anafunsa kale kuchipatala. Akuti timathandiza."

"Ta ketulo tithandiza. Ta amayi ako tithandiza, mwina mopitirira." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Koma apa si khutu lokha lalakwa, Twila. Lamulo lija ndinalipanga ndine. Ndaliphwanya chifukwa ndimafuna undione."

"Ndakuonani zaka makumi anayi. Mumafuna ndione chiyani china?"

Orval anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatsegula mfuti, n'kutulutsa zipolopolo chimodzichimodzi, zinayi zonse. Anatenga dzanja la mwana wake, analitambasula, n'kuziika mmenemo. Mfutiyo Orval anasiyiridwa ndi bambo ake, thabwa lake linachita kuda ndi thukuta la anthu awiri. Anaipukuta ndi mkono wa malaya pamene panagwera makoko, n'kuipereka.

"Imakokera kumanzere pang'ono ukapitirira mayadi mazana awiri. Usaiwale."

"Adadi, sindinanene kuti musiye."

"Ukananena ndikanakana."

Anatsika phiri Twila ali patsogolo, mfuti paphewa. Kawiri konse anaima n'kutembenuza mutu kumvetsera chinachake kumtunda, ndipo Orval anaima naye, akuyang'ana nkhope yake kuti adziwe ngati ndi nyama. Atafika pagalimoto, Twila anaika mfuti kumbuyo kwa mpando, koma sanalize injini msanga.

"Chilolezo changa chosakira chikadali ndi masiku asanu ndi anayi," anatero mokweza. "Loweruka ndibweranso. Kaya inu?"

Orval anayang'ana kunja kwa zenera, kuphiri kumene anakwera yekha moyo wake wonse.

"Eliki ikagwa, pamafunika maulendo anayi kuti nyama ifike pamsewu," anatero. "Ukandidzutse. Ugogode mwamphamvu."