Loweruka limene ndinakana kusinthana shifiti

Chaka chimene namondwe anakokolola nyumba ya amayi anga ku Phalombe, ndinkagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Etobicoke, m'dziko la Canada. Ntchito yake inali kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Pagulu pathu panabwera mayi wina wa ku Ukraine, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, yemwe mwamuna wake anatsala kwawo kunkhondo. Anafika ndi ana ake awiri, mapepala olowera m'dzikomo atamuthekera m'masabata ochepa chabe. Ine mwana wanga wamkazi anali adakali ku Blantyre kwa achemwali anga, chaka chachitatu ndikudikira kuti mapepala ake atuluke. Mayi uja sindinamuuze zimenezi. Ndinkangomuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka makina onyamulira odwala, pakamwa ndikumwetulira, mumtima mukuwira.

Tsiku lina masana tikudyetsa agogowo, pa TV analengeza kuti mayiko a mgwirizano wa zankhondo, Canada ali momwemo, avomera kuperekanso ndalama zankhaninkhani zogulira zida kuti Ukraine adziteteze kwa Russia. Madala awiri anawomba m'manja. Gogo wina wamkazi, amene ndinkamusambitsa m'mawa uliwonse koma dzina langa osaligwira, anaitana mnzanga wa ku Ukraine uja n'kumupsompsona dzanja. Ine ndinaima chilili ndi mbale ya supu. M'thumba mwanga munali foni yokhala ndi kanema amene mlongo wanga ananditumizira: matope okhaokha, ndi miyala yaikulu ngati galimoto pamene panali munda wathu. Za kwathuzo pa TV yomweyo anazionetsa kamodzi, mothamanga, kenako n'kupita ku nkhani za masewero a hoke.

Lachinayi lake mnzangayo anandipeza m'chipinda chosinthira zovala.

"Ndithandize," anatero. "Loweruka kuli msonkhano m'tauni, tikukapempha kuti ndalama analonjezazo zisachedwe. Undigwirire shifiti yanga, ine ndidzagwira yako Lamlungu."

"Loweruka ndili ndi zakutchalitchi," ndinayankha, maso ali pa nsapato.

Linali bodza. Iye anangoti chabwino n'kutuluka.

Lowerukalo ndinalibe chochita. Ndinachapa, ndinasesa, koma mtima sunakhazikike. Mapeto ake ndinakwera basi, kenako sitima yapansi panthaka, ndikudziuza kuti ndikukaona jekete yotchipa. Nditatulukira m'tauni ndinawapeza anthu a msonkhano uja. Msewu unali wodzaza ndi mbendera za buluu ndi chikasu, apolisi atatseka njira kuti anthu ayende bwino. Chimene chinandipweteka n'chakuti ambiri sanali a ku Ukraine. Panali Amwenye, Atchaina, ngakhale bambo wina wakuda ngati ine, atanyamula mwana paphewa, mwanayo atagwira kambendera. Ndinakumbukira msonkhano wathu wa namondwe sabata yapitayo, m'chipinda chapansi pa tchalitchi ku Mississauga, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia osadzaza n'komwe mipando, tikukangana za amene adzanyamule zovala zakale m'sutikesi popita kumudzi. Mumsewumo mtsikana wina anandipatsa kariboni ka buluu ndi chikasu koti ndivale. Ndinakalandira n'kukaponya m'chikwama, ndinabwerera kunyumba jekete osagula.

Lolemba tinakumana ndi mnzanga uja pabedi pa mdala wina wolemera thupi, woti munthu mmodzi sangamutembenuze. Titamaliza tinatuluka kukataya zofunda zakuda, ndipo mawu anangondipulumuka.

"Loweruka sindinapite kutchalitchi. Ndinapita kumsonkhano wanu uja."

Iye anafunsa kuti, "Ndiye unandikaniranji?"

"Nsanje."

"Nsanje ya nkhondo?"

"Ya nkhondo ayi. Dziko lonse likudziwa dzina la kwanu. Mukalira, anthu amatseka misewu, atsogoleri amakumana. Kwathu phiri linagwera anthu ali m'nyumba, koma pano palibe ngakhale mmodzi amene wandifunsa."

Anaika mtolo wa zofundawo pansi. Nkhope inafiira, ndinaganiza kuti andilalatira.

"Ndalama zimenezo ukuganiza zimabwera kwa ine?" anatero. "Zimagula zipolopolo. Akalengeza kuti apereka, ndimadziwa kuti mwamuna wanga akhalanso m'dzenje chaka china. Akapanda kupereka, ndimadziwa kuti amupha m'dzenje momwemo. Gogo uja akandipsompsona dzanja ndimafuna kukuwa. Ukufuna tisinthane?"

Kusinthana sindinkafuna, koma zimene ndinanenazo sindinazibweze, chifukwa zinali zoona. Tinatola zofunda zija aliyense mbali yake. Pa nthawi yopuma anabwera kudzakhala patebulo langa, wosamwetulira, n'kunena kuti ndimuonetse za kwathuzo. Anaonera kanemayo kawiri. Anafunsa kuti amayi akugona kuti, ndinamuuza kuti m'kalasi pasukulu ya pulayimale, pamodzi ndi mabanja ena ambiri. Anafunsanso kuti Malawi ali pati, ndipo ndinamujambulira pakapepala kopukutira pakamwa.

Sitinakhale mabwenzi enieni. Shifiti tinkasinthana pambuyo pake, koma nkhani ya Loweruka lija anaisunga, nthawi zina ankaitchula mondibaya. Nanenso sindiname kuti nsanje inatha. Mgwirizano uja ukalengezanso ndalama zina, ndimayamba ndaganiza za milatho ya kwathu imene mpaka pano anthu amawoloka pamitengo, kenako ndiye ndimakumbukira mwamuna wake.

Chaka chotsatira mayi uja anapeza ntchito ya muofesi pafupi ndi bwalo la ndege, chifukwa kwawo anali wowerengera za chuma. Tsiku lotsanzika anthu anabweretsa keke. Iye ananditengera pambali n'kundiuza kuti mwamuna wake wavulala mwendo, amutulutsa usilikali, mwina amulola kubwera. Anali wosangalala, ndipo ndinamukumbatira ndi mtima wonse. Koma ndili m'basi pobwerera, ndinadzipeza ndikuganiza kuti bamboyo afika kuno mwana wanga asanafike. Ndipo anafikadi.