Ndinasinja Mpaka Gaga

Mawu anga ndi aakulu, ochokera pansi pa chifuwa, ndipo sindinachite kuwapempha kwa munthu. Ndili mtsikana kwathu kwa Mlolo, anzanga ankayimba ndi timawu tawo tosongoka, koma ine ndikangotsegula pakamwa amayi ankasuzumira kuseri kwa nyumba kuti aone mwamuna amene walowerera ana aakazi. Amuna a m'mudzi ankanditcha mvuu. Pamaliro ndiye ankandifuna, chifukwa popanda ine nyimbo inkasowa poponda, koma akangobwerako kumanda ndinkasandukanso mvuu.

Mwamuna ndinamupeza, ngakhale azakhali anali atalumbira kuti ndidzakalambira pakhomo pa amayi. Anali msodzi, wamtali, wodziwa kuseketsa anthu, ndipo anadzamanga kwathu chikamwini. Ndinkamukonda, sindibisa. Koma anali ndi matenda a amuna ambiri a kwathu: nkhani iliyonse ankaidziwa kale iwe usanamalize kuinena.

Nthawi ya nkhondo ya Azungu ndi Majeremani, amesenjala a boma anayamba kuyenda m'midzi kugwira amuna a tengatenga, oti akasenze katundu wa asilikali kumpoto. Mwa amene anatengedwa ulendo woyamba anabwerako ochepa, ali mafupa okhaokha. Choncho amuna athu, aja odziguguda pachifuwa pamowa, akangomva mphekesera ankakankha mabwato n'kukabisala m'mabango. Sindikuwaseka chifukwa chothawa, inenso ndikanathawa. Chinkawavuta chinali kudziwa nthawi yobwerera. Ng'oma ikanatiulula, ndipo munthu womutuma akanamutsatira.

Malume ndi amene anakumbukira kuti m'mudzi muli mvuu. Anati timawu ta akazi enawo timathera pa bango loyamba, pamene anga amayenda pamwamba pa madzi mpaka kutsidya. Tinapangana kuti mtondo wanga uzikhala pafupi ndi dooko. Ndikamasinja n'kumayimba, asatuluke. Ndikakhala chete, njira yayera. Onse anagwedeza mitu ngati nzeruyo ndi yawo, ndipo palibe anapepesa za dzina lija.

Kawiri konse zinayenda bwino. Amesenjala ankapeza akazi ndi nkhalamba, n'kutukwana, n'kupitirira.

Ulendo wachitatu anafika m'mawa, anthu anayi, wowatsogolera ali kapitawo wina wolankhula Chisena. Ameneyo sanali chitsiru. Anayang'ana makoka oyanikidwa, n'kuwagwira ndi dzanja.

"Amuna ali kuti, mai?" anandifunsa.

"Anapita ku ntchito ya njanji, bambo."

"Ndiye makokawa anyowa okha." Anaseka. "Pyadidi, chabwino. Ife sitithamanga, tidikira."

Anakhala pansi pa msikidzi, masitepe ochepa kuchokera pamtondo wanga, nalamula kuti awaphere nkhuku.

Ndinathira mapira mumtondo n'kuyamba. Nyimbo za pamtondo kwathu ndi zodandaula, munthu amaikamo mawu ake mmene akufunira, choncho ndinayimba za alendo anayi osadziwa kutsanzika, amene abwera ndi chingwe koma mbuzi alibe. Kapitawo anamva ndithu. Ankangovomereza ndi mutu, fupa la nkhuku lili kukamwa.

Dzuwa lisanafike pamutu mapira anga anatha. Mng'ono wanga anabweretsa ake, anansi nawonso anakhuthula awo. Atatha amenewo tinabwezera gaga mumtondo, ine n'kumasinja gagayo ngati wamisala. Matuza anaphulika, munsi unayamba kuterera m'manja. Akazi ena ankandilandira munsi, koma nyimbo panalibe wondilandira. Aja ankaseka mawu anga paunamwali anaima chondizungulira, aliyense maso ali pakhosi panga, chifukwa mwamuna wake anali m'mabango. Madzi ndinkamwa mwachangu, anzanga akamavomereza.

Dzuwa litapendeka ndinaona mphuno ya bwato ikutuluka m'mabango. Kapalasidwe kake ndinakadziwa nthawi yomweyo: anali mwamuna wanga. Ndinakweza mawu mpaka china chake chinang'ambika kukhosi, ndinatchula chingwe, ndinatchula anayi aja, ndinachita kutchula ndi msikidzi womwe. Iye anandikwezera dzanja. Ankamwetulira, milamba ili pachingwe, akubwera nayo kuti ndimuyamikire.

Amesenjala sanadzivute n'kuthamanga komwe. Anamusiya akocheze, amange bwato lake bwinobwino, kenaka anamumanga iyeyo m'chiuno.

Pambuyo pake anzake anandiuza kuti ankandimva mawu alionse, ndipo anamugwira mkono kumuletsa. Iye akuti anati udzudzu wamukwana, ndipo mkazi wake amamudziwa ndi iyeyo, akayamba kuyimba salekeza. Zaka zisanu tikugona pamphasa imodzi, munthu ameneyu anali asanamvetserepo nyimbo yanga n'imodzi yomwe mpaka kumapeto.

Anamukhazika pansi pa mtengo uja. Mwamuna wanga anandiyang'ana ndi nkhope ya mwana amene waswa nkhali.

"Ndimayesa ukungoyimba," anatero.

Ndinafuna kumuponyera munsi. Ndinafunanso kugwa pansi n'kumugwira miyendo, kulira monga amalirira akazi ena. Koma kapitawo anali atakhalanso pansi, akundiyang'ana, akudikira kuti ndilire. Ankadziwa kuti ndikangosiya, mabwato ena onse atuluka, pamodzi ndi la malume ndi la mlongo wanga. Ndinathiranso gaga mumtondo.

Ndinayimba mwamuna wanga ali pomwepo, womangidwa. Anayesa kundiuza za bwato, za makoka, za mwana wathu wamkazi amene anali pamsana pa mng'ono wanga, koma sindikanatha kumvetsera. Aka kanali koyamba kuti iye akhale ndi mawu ofunika kundiuza, ndipo ndinawaphimba ndi anga.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa kapitawo anatopa. Anadzuka, anasasa fumbi, nati mmodzi yemweyo akwana. Anawatsogoza njira ya ku Chiromo, ndipo mwamuna wanga sanabwerenso. Sitinauzidwe kumene anagwera. Amuna amene anatuluka m'mabango madzulo amenewo anakalamba onse, ndipo ena mwa iwo ankauza adzukulu awo kuti anapulumuka chifukwa chochenjera.

Tsiku lija, pokhota pa munda wa thonje, mwamuna wanga anatembenuka n'kundiitana, osati ndi dzina la mwana monga mwa masiku onse, koma ndi langa lenileni. Ndinasiya munsi kuti ndimuyankhe. Ndinatsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya, ndipo chingwe chinamukoka akudikirabe.